Matanelo a Che Amidu

Amene ananditengera ku Joni anali aneba athu a ku Kawale. Pano ndiwatchula kuti Che Amidu, ngakhale dzina lawo lenileni si limenelo. Ndikamakumbukira zaka zimene ndinakhala kunjako, chilichonse chimandibwezera kwa munthu mmodzi ameneyu. Iwowa ndiwo anandipezera ntchito, ndipo ntchito yomweyo inatsala pang'ono kundilekanitsa nawo mpaka kalekale.

Nyumba zathu zinali zoyandikana moti kwawo akakazinga anyezi kwathu tinkayetsemula. Ife ndife a ku Ntcheu, anthu a tchalitchi, ndipo bambo anga ankalondera nyumba zosungira fodya ku Kanengo. Iwo ndi Asilamu a ku Mangochi. Koma mayi anga, Anachisale, ndi akazi a Che Amidu, Abiti Saidi, sankasiyana. Ankabwerekana mchere, mbaula, nsalu zopitira kuukwati, ngakhale ana. Ine ndakwapulidwapo ndi Abiti Saidi kangapo konse, ndipo ndikakadandaula kwathu mayi ankangoti, "Akuchepetsera."

Ndinali nditamaliza kosi ya zamakompyuta pa koleji ina m'tauni, koma pepala lake linkangogona pansi pa sutikesi. Ntchito yanga inali yothira nyimbo m'mafoni a anthu pamsika. Che Amidu atabwera kutchuthi, bambo anga anavala jekete la kutchalitchi pakati pa sabata, n'kunditenga kupita nane kwawoko. Anakhala pansi, chipewa chili m'manja.

"Che Amidu, mwana wanuyu akuwolera pakhomo. Mumutenge. Akakalakwa mukam'langire komweko, ife musatiimbire foni ayi."

"Ndamva, aneba," anatero Che Amidu, uku akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Bola asakhale waulesi."

Kwathu kuno mawu oterewa si ocheza. Amene wakutenga pakhomo pa makolo ako ndiye bambo ako kumene mukupitako. Sumutsogolera, sumuyankha mokweza, ndipo chinthu chimene chili m'manja mwake suchitenga pokhapokha atakupatsa yekha.

Ulendo wake ndimaukumbukira ndi msana. Basi inatulukira pa Dedza, n'kutiwotcha ku Tete, n'kutigwedeza mu Zimbabwe monse. Mayi anali atandimangira ufa, chiponde ndi usipa wouma, ndipo usipawo unanunkhitsa zovala zanga zonse, ndi buluku loti ndikafunsirire ntchito lomwe. Pa malire paliponse Che Amidu ankandigwira pamkono, ine ndevu zili pachibwano. Ndinkachita manyazi, koma kunena zoona ndinkachitanso mantha, ndiye dzanjalo sindinalikane.

Tinkakhala m'fulati ina yakale pakati pa mzinda, chipinda chimodzi chogawidwa ndi katani, mbali inayo kuli anyamata a ku Zimbabwe. Kuzizira kwa kumeneko, abale inu, kwa ku Dedza n'kocheza. Ndinkagona nditavala masokosi m'manja. M'bandakucha ndinkamva madzi akugwera m'beseni, Che Amidu akusamba m'manja ndi kumaso kuti aswali, madzi ake oti ine sindikanawakhudza ngakhale ndi chala. M'mwezi wosala ankayenda tsiku lonse osamwa ndi dontho lomwe, koma dzuwa likalowa ankayamba afunsa ine ngati ndadya. Kunabweranso masiku oipa aja, amene eni dziko ena ankasaka ife obwera. Tinatsamiritsa bedi kuchitseko, n'kumadya zimene zinalipo. Zitazizira, anandipatsa lamulo limene ndinalisunga mpaka tsiku lobwerera kuno.

"Mwana wa aneba, m'takisi foni ikalira usayankhe. Chilankhulo chako chidzakugulitsa."

Kampani yathu inali yonyamula intaneti ndi mafoni a makampani ena, monga mabanki, masitolo ndi zipatala. Pansi pa nthaka pali zingwe za faiba zochoka mzinda wina kupita wina, ndipo pamene zingwezo zakumana pamakhala makina otchedwa rauta, amene amalandira uthenga n'kuulozera kolowera. Vuto la marauta ndi lakuti ukawasiya okha, onse amathamangira njira yachidule. Zili ngati maminibasi a ku Kawale m'mawa, onse kuthinana pamsewu wa ku Mchesi pamene njira zina zili pululu. Ndiye pamafunika munthu woti alamule kuti katundu wa banki adzere uku, mawu a foni amene safuna kuchedwa adzere kwachidule, mavidiyo azungulire, safa. Njira yokonzedwa dala yoteroyo, yochoka pa rauta iyi kukafika pa iyo kudzera mmene wasankha iweyo, ndi imene tinkaitcha tanelo. Si ngalande yoti ungaione ndi maso ayi. Ndi mizere chabe ya malamulo imene umalemba mu rauta.

Che Amidu anayamba ndi khasu ndi piki, kukumba ngalande za faiba. Kenako anaphunzira kulumikiza zingwe, kenako mzungu wina amene ankamunyamulira chikwama anayamba kuwalola kukhala pambali pake akamalemba. Mmene ine ndinkafika n'kuti ali ndi desiki yawoyawo. Matanelo ankawamanga pamanja, kulowa mu rauta iliyonse payokhapayokha, zala ziwiri zokha zikugogoda pa laputopu, magalasi ali pamphuno. Ankachedwa, eee, ankachedwa mpaka ine miyendo kuyabwa. Koma tanelo yawo ikaima, yaima.

Anandiphunzitsa ngati mmene anaphunzirira iwo, kukhala pambali n'kumaona. Tanelo iliyonse ikhale ndi inzake yodikirira, yoti chingwe chikaduka katundu athawireko, ndipo ziwirizo zisadzere ngalande imodzi, chifukwa thirakitala ikakumba imadula zonse pamodzi. Ukafuna kusamutsa tanelo, yamba wamanga yatsopano, uione kuti yanyamula, kenako ugumule yakale. Tsiku lina dzanja langa linathamangira kufufuta, ndipo anandimenya pa chikhatho anthu onse akuona.

"Ukuthamangira kuti? Kuli maliro?"

Chimene chinkandisangalatsa ndi maina. Tanelo iliyonse inali ndi nambala yake ya kampani, yaitali yosakumbukika, koma pali malo olembapo mawu ofotokozera, ndipo pamenepo Che Amidu ankalembapo zakwathu. Yopita ku Durban inali Biwi. Yozungulira kutali, yodzera ku Bloemfontein, inali Chinsapo. Ina yovutavuta, yosachedwa kugwa mvula ikagwa, anaitcha Mgona. Yaikulu kwambiri, yonyamula mabanki kupita ku Cape Town, inali Kawale. Anzathu a komweko anazolowera osadziwa kuti akutchula chiyani. Umangomva Mzulu wamkulu thupi akukuwa mu ofesi kuti Mgona wagwanso, ife awiri n'kuyang'anana, kuseka mpaka misozi. Tsiku lotero kupukwa kumudzi kunkachepako.

Zaka zinayenda. Ndinkatumiza katundu pa magalimoto a anyamata onyamula za ku Malawi: malata, mabulangete, kenako filiji ya mayi. Bambo anga anamwalira ine ndili komweko. Mmene ndinkafika n'kuti ataikidwa kale, ndipo ndinapeza Abiti Saidi ali pa siwa, maso ali psuu, akulamula za miphika ngati mwini maliro. Amene anandilipirira basi ulendo umenewo, n'kukandipemphera tchuthi kwa mabwana, anali Che Amidu. Nditabwerera anandilandira pa depoti, ananditengera chikwama, n'kunena kuti, "Tsopano bambo ako ndatsala ndine ndekha."

Kenako kunabwera kontirola.

Inali pulogalamu yokhala pa kompyuta yaikulu kulikulu la kampani. Marauta onse ankaiuza zimene akuona: chingwe ichi chadzaza, icho chili ndi malo, chakuti chaduka. Iyo inkaona netiweki yonse nthawi imodzi, pa mapu amodzi. Munthu umangoiuza kuti ndikufuna njira yochoka apa kukafika apo, yonyamula katundu wochuluka chonchi, isachedwe, isadzere ngalande yakuti. Iyo n'kuwerengera yokha, n'kutumiza malamulo ku marauta, ndi tanelo yodikirira yomwe. Ntchito imene Che Amidu ankaigwira m'mawa wonse, inkatha tiyi asanazizire.

Bwana wa gawo lathu anali mayi wina wa ku Durban, tinkangomutcha Madamu. Anasankha ine kuti ndikaphunzire za kontirola, chifukwa ndinali ndi pepala lija komanso ndinali wachinyamata. Ndinasangalala, ndisaname. Ndinafika kuchipinda ndikufotokoza ngati mwana wobwera kusukulu. Che Amidu anamvetsera, akusenda anyezi, kenako anafunsa funso limodzi.

"Ndiye ikamamanga yokha, ife tizimanga chiyani?"

Aliyense mu ofesi ankadziwa kuti kusamutsaku kukatha, manja ofunika adzachepa, ndipo oyamba kuchoka adzakhala omanga pamanja.

Kuti kontirola iyambe kulamulira tanelo, munthu amayenera kulowa mu rauta n'kulemba mzere umodzi wouza rautayo kuti tanelo iyi uipereke, si yakonso. Tinkachita zimenezi Lamlungu m'mawa, mabanki ali otseka, katundu atachepa. Matanelo omangidwa ndi anthu ena ndinawapereka osamva kalikonse. Mzere, mzere, mzere, mapu n'kumadzaza ndi zobiriwira. Koma ndikafika pa dzina ngati Biwi, dzanja linkalemera. Ndinkadumpha, n'kupita pa ina. Mapeto ake panatsala a Che Amidu okhaokha, ndipo Madamu anandiitana.

"Zatsalazi zikudikira chiyani?"

Ndinayesa kuwafotokozera m'Chingerezi changa kuti kwathu chinthu chimene chili m'manja mwa munthu wamkulu suchilanda, amachita kukupatsa, ndipo munthu wamkulu ameneyu ndi amene anandibweretsa kuno. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Sanali munthu woipa.

"Ndakumva," anatero. "Koma matanelo amenewa si ake, ndi a kampani. Ndipo ukudziwa wekha kuopsa kwake. Kontirola siikuwaona. Ikuganiza kuti zingwe zimene akudzeramo zili ndi malo, ndiye tsiku lina idzathiramo katundu wina pamwamba, mabanki onse n'kuima. Mwezi uno ukamatha zikhale zitatha. Ukalephera ndipeza wina, ndipo pamenepo mudzapita nonse awiri."

Ankanena zoona, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa kwambiri. Ndinagwira njakata. Ndikachita, ndachotsa chakudya pakamwa pa munthu amene anandidyetsa. Ndikapanda kuchita, tonse tikwera basi, ndipo sindinapulumutse aliyense. Kuchipinda kunali zii. Ndikati ndiyambe nkhaniyo, Che Amidu ankangoti, "Idya kaye," ndipo ndikamaliza kudya n'kuti atayala mkeka wawo wopemphererapo. Sabata zinapita choncho. Ndinayamba kuonda, lamba n'kuboola bowo lina.

Lamlungu lomaliza la mweziwo ndinadzuka ndisanadziwebe chochita. Ndinapeza Che Amidu atavala kale mkanjo woyera ndi kachisoti kawo, zovala zimene ankavala Lachisanu lokha popita kumzikiti.

"Mukupita kuti, Bambo?"

"Kuntchito. Nanga iwe ukupita kuti?"

Titafika mu ofesi anakoka mpando wanga n'kukhalapo, anavala magalasi, n'kunena kuti, "Undionetse mzere wakewo." Ndinawalembera pa kapepala. Anauwerenga akugwedeza milomo, kenako analowa mu rauta yoyamba ndi zala zawo ziwiri zija. Anayamba ndi Mgona. "Iwe pita, unandivutitsa mokwanira," anatero, n'kugogoda. Pa mapu mzere wina unasanduka wobiriwira. Anapitiriza ndi Biwi, ndi ena, mosathamanga. Ine ndinaima kumbuyo kwawo manja ali kumbuyo, ngati mmene ndinkaimira masiku oyamba.

Atapereka Chinsapo, kontirola sinachedwe. Inamanga njira yatsopano, inasamutsirako katundu, kenako n'kugumula yakale ija, ndendende mmene iwo ankandiphunzitsira. Che Amidu anayandikitsa nkhope pa sikilini, anatsata njira yatsopanoyo ndi chala, rauta ndi rauta. Ndinkafunitsitsa kuti apeze cholakwika. Ndinkapemphera chamumtima kuti chipezeke ngakhale chimodzi.

"Yasankha bwino," anatero patapita kanthawi. "Njira imeneyi ine sindinaiganizirepo."

Anamalizira Kawale. Anakhala kaye akuyang'ana dzinalo, kenako analemba mzerewo, anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi mkanjo nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Ine misozi inali ikutsika, ndipo sindinaibise.

"Ukulira chiyani? Sunalande kanthu, ndakupatsa ndekha. Tiye tikamwe tiyi."

Sipanapite miyezi yambiri, ntchito yawo inatha. Ku ofesi anawagulira keke ndi wotchi. Ndinawanyamulira zikwama mpaka pa depoti, ndipo basi isananyamuke anatulutsa mutu pawindo. "Ugwire ntchito, mwana wa aneba. Usandichititse manyazi." Ndinabwerera kuchipinda chija ndili ndekha, mtima uli wosweka koma uli woyera. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo.

Ha! Ku Kawale n'kumene inkayamba.

Tsiku lina mayi anandiimbira foni, moni wake wachidule. "Iwe, Che Amidu unawachita chiyani?" Anati m'dera monse mwadzaza nkhani yoti ndinawayenda pansi, ndinaphunzira zinthu mobisa, n'kukawaneneza kwa azungu kuti akalamba, ine n'kukhala pampando wawo. Ena ankawonjezera ndi za mankhwala zomwe. Ndinati, "Amayi, afunseni eni akewo, ali pompo!" Anati anthu awafunsa, ndipo iwo amangoweramitsa mutu n'kunena kuti Mulungu ndiye akudziwa.

Ndinapsa mtima. Ndinawaimbira Che Amidu kangapo. Ankandiyankha bwinobwino, kundifunsa za kuzizira, za anyamata a ku Zimbabwe aja, ngati Mgona akugwabe. Ndikangoti ndifike pa nkhaniyo, ankati, "Netiweki ikuvuta kuno," ine munthu wa netiweki ndikumva mawu awo mbee. Ndinaleka kuimba. Ndinakhalabe ku Joni zaka zina zingapo, ndikuuza kontirola zochita, m'chipinda chabwinopo chokhala ndi hita, koma chosowa woseka naye. Chilolezo changa chogwirira ntchito chitayamba kuvuta, sindinalimbane nazo. Ndinamanga katundu.

Kawale ndinaipeza itathinana kuposa kale, ana amene ndinawasiya akukwawa ali ndi mafoni m'manja. Mayi anali atachepa thupi. Pa mpanda wa pakati pa nyumba ziwiri zija panali kampata kamene tinkadutsira kuyambira ndili mwana. Ndinapeza atatsekapo ndi njerwa. Anthu anabwera kudzandilonjera, ena kudzangoona zimene ndabweretsa, koma kwa aneba sikunachokere munthu. Madzulo ndinatsegula zikwama, n'kuyamba kuwaonetsa mayi nsalu ndi nsapato. Anazilandira ndi manja awiri, n'kuziika pambali osazitambasula.

"Zikomo, mwananga. Koma ine zimenezi ndikavala akandione ndani? Abiti Saidi tikakumana pamsika amayang'ana tomato. Ndinadwala chaka chatha, sanabwere. Mwana wawo anakwatiwa, ndinamvera kuseri kwa mpanda. Filiji yako ija ndi yabwino, koma ine ndikufuna mnzanga."

Kutacha ndinapita kukawasaka Che Amidu. Ndinawapeza pakhonde la sitolo ina pafupi ndi mzikiti, ali ndi katebulo, akulumikiza mawaya a matchaja a foni oduka. Ndevu zonse zinali zitayera. Atandiona anaimirira, anandikumbatira, n'kundikokera benchi ngati palibe chimene chinachitika. Ine ndinali nditakonzeka kuyambira ku Joni, ndipo ulemu unatsala pang'ono kundithawa.

"Bambo, matanelo aja munapereka ndinu, ndi zala zanu. Munandiuza kuti sindinalande kanthu. Nanga bwanji mwasiya dzina langa likununkha m'Kawale monse? Mayi anga akhala okha zaka zonsezi. Mawu amodzi okha akanakwana!"

Anamaliza kaye kukulunga waya ndi tepi, n'kumuika pansi.

"Ine sindinauzepo munthu kuti unandiyenda pansi," anatero chapansipansi. "Nditafika, mayi akowa, Abiti Saidi, anandifunsa kuti chachitika n'chiyani. Ndinati ntchito yanga akugwira mwana wa aneba. Zinazo anamalizitsa okha, ndipo ine ndinakhala chete."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa munthu amene wachitiridwa chiwembu akadali munthu. Anthu amamumvera chisoni, amamupatsa mpando. Ana anga akamandiyang'ana amaona bambo amene anali katswiri ku Joni, koma anamulakwira. Tsopano iwe ukufuna ndiime pakati pa nyumba yanga ndinene kuti palibe anandilakwira? Kuti ndinangotha ntchito ngati tchaja iyi? Kuti makina anasankha njira yabwino kuposa yanga, ine ndikuona?" Anayang'ana kumsewu. "Ndinayesa, mwana wa aneba. Kangapo konse ndinatsegula pakamwa. Zinakanika. Ndikudziwa kuti ndakusenzetsa katundu amene si wako. Ukafuna, pita ukawauze. Sindikana."

Ndinachoka pamenepo mutu utaima. Ndinayenda wapansi mpaka ku Biwi, n'kubwerera, osadziwa kumene ndikupita. Mkwiyo unalipo ndithu. Koma ndinkati ndikaganiza zokaima pamaso pa Abiti Saidi ndi ana awo, n'kunena kuti bambo anu anakhala chete dala chifukwa cha manyazi, ndinkaona kuti dzina langa liyera, koma nyumba imeneyo sidzayang'ananso kwathu mpaka imfa. Mayi anga sakanamupezanso mnzawo. Ndipo mdala uja akanatsala ndi chiyani? Katebulo ndi mawaya.

Ndinakwera minibasi kupita ku Area 23 kwa amalume anga, achimwene awo a mayi. Ndinawauza kuti ndikufuna andiperekeze kukapepesa kwa Che Amidu.

"Ndiye kuti unachitadi?"

"Mungondiperekeza, amalume."

Tinapita Loweruka masana, ine, amalume ndi mayi, kuzungulira kumsewu n'kulowera kuchipata ngati alendo. Ndinanyamula tambala wamoyo, chifukwa kwa Asilamu supita ndi nyama yopha kale, amafuna azinge okha. Tinapeza atayala mkeka pabwalo. Che Amidu anali pampando, Abiti Saidi ndi ana awo ali pakhonde, ndipo kuseri kwa mpanda kunali mitu ya anthu amene ankanamizira kuyanika zovala. Amalume analankhula zoyambirira, zakuti mwana akapita kutali amaiwala mwambo, ndipo tabwera kudzagwira mwendo. Kenako anandiyang'ana.

Ndinanjuta pansi, tambala ali m'manja. Ndinali nditasankha mawu oti ndisaname, koma oti aliyense amve zimene ankafuna kumva.

"Bambo, munanditenga pakhomo pa makolo anga, munandidyetsa, munandiphunzitsa. Ntchito imene inali m'manja mwanu inathera m'manja mwanga. Inu munabwerera, ine ndinatsala. Mundikhululukire."

Abiti Saidi ndiwo anayankha. Analankhula nthawi yaitali, za mmene anandisambitsira ndili khanda, za mmene amuna awo anafikira ali ndi wotchi yokha pamkono, za usiwa umene unalowa m'nyumba mwawo. Mawu ena anali olasa zedi. Ndinaweramitsa mutu n'kuwalandira onse. Atamaliza anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kuyang'ana amuna awo.

Che Amidu anadzuka pampando, anabwera pamene ndinali, n'kuwerama kuti alandire tambalayo. Nkhope zathu zinayandikana. Anatsegula pakamwa, ndipo ndinaona kuti akufuna kunena zonse pomwepo, pamaso pa akazi awo ndi ana awo. Ndinawafinya dzanja pansi pa mapiko a tambala, n'kupukusa mutu pang'ono.

Che Amidu anaweramuka. "Yatha," anatero mokweza. "Dzuka, mwana wanga. Nkhani yatha."

Woyamba kusuntha anali Abiti Saidi. Anadzuka, anamanga nsalu m'chiuno, n'kulankhula osayang'ana aliyense.

"Anachisale, nanga mungokhala ngati mlendo? Madzi otentha akufunika apa. Tambala ameneyu ndisosola ndekha?"

Mayi anga anadzuka mofulumira kuposa mmene ndinawaonera chifikire changa. Posakhalitsa kukhitchini kunayamba kumveka mawu awiri, poyamba otsika, kenako kukangana za mchere, kenako kuseka. Tinadya pamodzi tsiku limenelo, ine ndi Che Amidu mbale imodzi, osayang'anana.

Pobwerera, amalume atakwera minibasi yawo, ndinatsala ndi mayi pamsewu. Ankayenda mopepuka, kambale ka ndiwo zimene anawapatsira kali m'manja. Titafika pachipata chathu anaima, n'kundigwira pamkono.

"Mwananga, pa foni paja unkakana, koma ine mumtima ndinkadziwa kuti unachita. Zinkandiwawa kuti ndinabereka mwana wotero. Koma lero wavomera pamaso pa anthu, ndipo ndakukhululukira."

Ndinawayang'ana. Nkhope yawo inali itamasuka kwa nthawi yoyamba.

"Zikomo, Amayi," ndinatero, n'kuwatsegulira chipata.